Pansi pa nyumba yanu ku UK pali chani? Mmene mungaonere pa mapu a BGS, pa foni pompo

Ambiri a ife amene tili kuno ku UK postcode yathu timaidziwa pamtima, koma mutifunse kuti pansi pa nyumba yomwe tikulipira rentiyo, kapena yomwe tikuthamangira mogeji kuti tigule, pali chani, dongo kaya mchenga kaya mgodi wakale wa malasha, aliyense angoti kukamwa yasa. Kumudzi izi sumachita kufunsa munthu, umangoona pomwe anthu akuumba njerwa, pomwe chitsime chinakana madzi, pomwe pali katondo ndi pomwe pali makande, basi wadziwa. Kuno zonse anaziphimba ndi tara ndi kapinga nde maso sathandiza. Chimene chimathandiza ndi mapu a British Geological Survey, BGS mwachidule, bungwe lomwe lakhala likulemba za miyala ya dziko lino kuyambira 1835, likulu lake lili ku Keyworth pafupi ndi Nottingham. Mapuwo anawaika pa intaneti, kuona ndi ulele, simulembetsa dzina, simupereka imelo, olo foni yanu ikhale yakale bola netiweki ikugwira.

Pali mapu awiri ndipo anthu amawasokoneza. Ena amatchedwa BGS Geology Viewer, awa ndi ophweka, anapangira munthu wamba ngati inu ndi ine. Enawo ndi GeoIndex Onshore, awa nde a akatswiri, muli zinthu zambirimbiri moti ukalowa koyamba mutu umazungulira. Ife tiyamba ndi ophwekawo kenako tikalowa mu GeoIndex kukasaka makamaka chinthu chimodzi chomwe ine ndimachiona chofunika kuposa mitundu yonse yokongolayo. Dziwaninso kuti mapuwa ndi a England, Scotland ndi Wales. Amene muli ku Belfast anu ndi ena, Northern Ireland ili ndi bungwe lake la za miyala ndi GeoIndex yakeyake.

Sitepe yoyamba, tsegulani Google mulembe BGS Geology Viewer, dinani linki yomwe ikuthera ndi bgs.ac.uk. Palibe choti mudawunilode, zimatseguka mu browser momwemo. Foni ikufunsani ngati mukulola kuti mapu adziwe pomwe muli, mukalola akutengerani pomwe mwaimapo, mukakana palibe vuto mugwiritsa ntchito kabokosi kosakira. Ine ndingakulangizeni kuti ulendo woyamba mupange pa laputopu ngati muli nayo chifukwa pa foni mabatani amabisala mu timenyu ndipo chala chimagunda pomwe simumafuna, mukazolowera nde muzipanga pa foni muli m'basi.

Mu kabokosi kosakira lembani dzina la malo kapena postcode. Kuti tiyendere limodzi tiyeni tonse tilembe Blantyre. Musadabwe, sikutengerani ku Ndirande kapena ku Chichiri ayi, ikutengerani ku Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kummwera chakummawa kwa Glasgow, komwe anabadwira David Livingstone mu 1813, dzina la mzinda wathu uja linachokera kumeneku. Postcode yake imayamba ndi G72. Ndasankha dala malowa chifukwa pafupifupi chilichonse chomwe muyenera kuphunzira pa mapuwa chilipo pamenepa.

Mapu akatseguka muona misewu ndi mayina a malo koma pamwamba pake apakapo mitundu, wachikasu, wotuwa, wobiriwira, wina wa pinki. Mitunduyi musaitenge ngati mtundu weniweni wa mwala, ndi chizindikiro chabe, ngati mmene pa mapu a kusukulu ankapakira dziko lililonse mtundu wake. Ngati simukuona bwino yandikirani, kokani sikirini ndi zala ziwiri kapena zungulitsani kawilo ka mausi mpaka misewu ya m'tauni izioneka ndi mayina.

Tsopano apa nde pofunika mumvetsetse, osathamanga. Mapuwa ali ndi maleya awiri akuluakulu, ina Bedrock ina Superficial. Bedrock ndi thanthwe lenileni, mwala wakalekale womwe uli pansi pa chilichonse. Superficial ndi zomwe zinadzagona pamwamba pa thanthwelo posachedwapa, posachedwa kwa anthu a miyalatu, kutanthauza m'zaka 2.6 miliyoni zapitazi, monga dongo, mchenga, timiyala ta mumtsinje, matope. Tingoti thanthwe ndi bedi, zinazo ndi matiresi. Amene akufuna kudziwa kuti maziko a nyumba akhala pa chani, kapena chifukwa chani gadeni yake imadikha madzi mvula ikangowaza, nthawi zambiri yankho lili pa matiresipo osati pa bedi. Nde pezani batani la maleya, zimitsani Superficial muone Bedrock yokha, kenako zimitsani Bedrock muyatse Superficial, kenako muyatse zonse. Pangani zimenezi kangapo pamalo amodzimodzi mpaka maso azolowere kuti ndi nkhani ziwiri zosiyana. M'mabuku ndi mapu akale maleyawa ankawatchula kuti solid ndi drift, mukakumana ndi mawu amenewa ndi zomwezi.

Kenako dinani pa mapu, paliponse pomwe pali mtundu. Patuluka kabokosi kokuuzani dzina la mwalawo, kuti ndi wopangidwa ndi chani, unapangika liti, komanso kuti nthawi imeneyo malowo ankaoneka bwanji. Ku Blantyre mukadina m'tauni muja mupeza dzina lokhala ndi mawu oti Coal Measures, nyengo yake Carboniferous, zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo Scotland yozizira yomweyi inali pafupi ndi equator, kotentha ngati ku Nsanje, madambo ndi nkhalango zokhazokha, mitengo ija kugwa, kukwiririka ndi matope, kupsinjika kwa zaka mamiliyoni, nde malasha amenewo. Athu a ku Mchenga ku Rumphi ndi achichepere pang'ono kwa amenewa, aja ali m'gulu la miyala lotchedwa Karoo.

Chingerezi cha mu kabokosika chisakuopsezeni, mawu ake ndi omwewomwewo amangobwerezedwa. Sandstone ndi mchenga womwe unamatana nkusanduka mwala. Mudstone ndi matope omwe anauma nkulimba, siltstone ili pakatikati pa ziwirizi. Limestone ndi mwala wa laimu, uja amapangira simenti. Seatearth ndi dothi lakale momwe munali mizu ya mitengo yomwe inasanduka malasha ija, nde ukaona mawu amenewa dziwa kuti malasha sali patali. Ku Superficial mawu omwe mukumane nawo kwambiri ku Scotland ndi kumpoto kwa England ndi Till, nthawi zina amalemba Diamicton, ichi ndi chisakanizo cha dongo, mchenga ndi miyala ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomwe, zomwe madzi oundana anakokolola nkusiya pomwe anasungunukira, ndipo omaliza anasungunuka zaka pafupifupi 11,700 zapitazo basi. Alluvium ndi dothi lobwera ndi mtsinje ukasefukira, lija la kudimba, mukatsata Clyde pa mapu muliona likuyenda ngati lamba wopyapyala m'mbali mwa madzi. Peat ndi zomera zowola za m'dambo, zofewa, zimatitimira ukaziikira katundu. Mukagwira mawu amenewa mwatha theka la ntchito.

Mu kabokosi momwemo mumakhala linki yokutengerani ku Lexicon, kaundula wa mayina onse a miyala ya dziko lino. Mmenemo muli kukhuthala kwa mwalawo, zomwe zili pamwamba ndi pansi pake, mayina ake akale. Kwa ana asukulu ndi amene mukulemba ma asayimenti ndi pabwino kwambiri, kwa enafe kungosuzumira nkubwerera.

Sitepe yotsatira ndi yosewera nayo. Pali kotsetsereka kochepetsera kapena kuonjezera kuwala kwa mitundu ija, kokerani pakati kuti muziona miyala ndi misewu nthawi imodzi, apo bii simudziwa kuti nyumba yanu ili pati. Sinthaninso mapu a pansi muike chithunzi cha setilaiti. Ndipo pali 3D, yomwe imaimika mapiri kuti muwaone chammbali. Ku Blantyre 3D siikoma kwenikweni, pitani ku Edinburgh. Sakani Edinburgh Castle, yatsani Bedrock yokha, muona kadontho ka mtundu wina kali pakati pa miyala ina yonse, kameneko ndi mwala wolimba womwe unaumira pakhosi pa volcano zaka pafupifupi 350 miliyoni zapitazo. Madzi oundana akubwera kuchokera kumadzulo anaupala mbali zonse koma unakana, nde kuseri kwake kunatsala mchira wautali wotsetserekera kummawa, mchira umenewo ndi pomwe pali msewu wa Royal Mile womwe timajambulitsapo zithunzi tikapita kokayenda. Ukangoziona kamodzi pa 3D mzinda uja sumauonanso chimodzimodzi. Amene mukufuna miyala ya makolo enieni sakani Isle of Lewis, kuli mwala wotchedwa gneiss wa zaka pafupifupi 3 biliyoni.

Koma ndisanapitirire pali nkhani ya sikelo, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amagwa chagada. Mapu amenewa ndi a 1:50,000. Kutanthauza kuti sentimita imodzi pa mapu oyambirira ndi mamita 500 pansi, milimita imodzi ndi mamita 50. Foni ikulolani kuyandikira mpaka kuona denga la nyumba yanu ndi galimoto ya aneba, koma kuyandikirako sikuonjezera nzeru za mapu, mzere uja wolekanitsa dongo ndi mchenga unajambulidwa ndi munthu amene anayenda wapansi, kuyang'ana m'makwawa, m'makwale, m'maenje a misewu ndi zomwe ena anapeza pobowola, kenako nkulumikiza madontho mmene anaonera kuti nzomveka. Nde mukaona mzere ukudutsa pakati pa nyumba yanu musayambe kunena kuti kitchini ili pa dongo, chipinda chogona chili pa mchenga. Mzerewo ukhoza kukhala kuti uli kutsidya kwa msewu. Chomwe mwaphunzira ndi choti muli pafupi ndi malire, basi.

Chinanso, pa leya ya Superficial mukapeza malo opanda mtundu, kapena kabokosi kakuti palibe chomwe chinalembedwa, sizikutanthauza kuti thanthwe lili poyera ayi. Zopyapyala, zosafika mita imodzi, kawirikawiri saziika pa mapu, komanso dothi la pamwamba lomwe timalimapo silili pa mapu amenewa nkomwe. Ine izi ndinaziphunzira ndi msana. Nditapeza kamunda kakang'ono kobwereka ndinayang'ana pa mapu, ndinaona sandstone, ndinati bhobho, madzi azilowa bwino, nkhwani ndi mpiru zichita. Tsiku lokumba fosholo inangolowa pang'ono nkuyamba kutulutsa zidutswa za njerwa, phulusa lakuda, mabotolo osweka, kusonyeza kuti kale anthu ankatayirapo zinthu nkukwirira. Mapu sananame, sandstone ilipo ndithu koma ili pansi, ine ndi amene ndinafunsa funso lolakwika kwa mapu olakwika.

Nde tiyeni ku GeoIndex, chifukwa yankho la funso ngati langali limapezeka kumeneko.

Bwererani ku Google, lembani BGS GeoIndex Onshore, tsegulani. Apa laputopu ndiyofunika ndithu. Mupeza mapu opanda mtundu uliwonse chifukwa GeoIndex imadikira kuti inu muiuze chomwe mukufuna. Sakani malo anu kaye, kenako dinani batani loonjezera data, patuluka mndandanda wautali wa maleya, pamwamba pake pali posakira. Lembani borehole musankhe Borehole records. Ngati mwaiyatsa koma simukuona kanthu, kapena dzina lake likuoneka lozimirira, ndiye kuti muli patali, yandikirani mpaka timadontho tiyambe kutuluka. M'matauni timadonthoti timachuluka ngati nyerere pa shuga.

Kadontho kalikonse ndi pomwe munthu wina anabowola pansi nkulemba zomwe anapeza. Kwathu tikamva borehole timaganiza za mjigo wa madzi, kuno ambiri mwa mabowo amenewa si a madzi, ndi oyeza nthaka asanamange msewu, mlatho, sukulu, ena ndi a anthu ofufuza malasha kalekale. BGS inasonkhanitsa zolemba zoposa miliyoni imodzi nkuzipanga sikani. Mtundu wa kadontho ukusonyeza kuya kwake, pali osapitirira mamita 10, a pakati pa 10 ndi 30, opitirira 30, ndi ena omwe eni ake anati ndi achinsinsi, amenewo muona kadontho kokha koma pepala silitseguka. Tsegulani legend, kabokosi kofotokoza tanthauzo la mitundu, muone kuti mtundu uti ndi uti.

Dinani kadontho komwe kali pafupi ndi malo anu. Patuluka nambala yake, dzina, kuya kwake ndi linki yotsegulira sikani. Nambalayo imayamba ndi zilembo ziwiri za bokosi la mapu a dziko, kudera la Glasgow ndi NS, ku London ndi TQ, ilembeni penapake chifukwa ndi imene mungadzapezere pepalalo tsiku lina. Dinani linkiyo.

Pepala lomwe lituluke liwerengeni kuchokera pamwamba kutsika pansi, ngati mukutsika m'chitsime. Kumanzere kapena pakati kuli mawu ofotokoza zomwe anapeza, chammbali kuli manambala. Samalani, manambala amakhala a mitundu iwiri, ena ndi kukhuthala kwa gawo lililonse, ena ndi kuya kuchokera pamwamba, ukasokoneza ziwirizi upeza thanthwe pomwe palibe. Tiyerekeze palembedwa made ground mpaka 1.2, kenako firm brown sandy clay mpaka 6.5, kenako sandstone. Ndiye kuti mita yoyamba ndi kachidutswa ndi zotayidwa ndi anthu, made ground ndi imeneyo, zija ndinakumana nazo ine, kenako dongo lolimbirako la mchengamchenga mamita asanu ndi kanthu, thanthwe likuyamba pa mamita 6.5. Mukaona water strike ndi pomwe anakumana ndi madzi koyamba, rest water level ndi pomwe madziwo anadzakhazikika atawasiya kanthawi. Zilembo zoti OD zikunena za kutalika kuchokera pa nyanja yamchere, sikuya kwa bowo. Ndipo boulder clay pa mapepala akale ndi Till yemwe uja.

Mapepala akale ndi amene amasangalatsa koma amavutanso. Ena ndi olemba pamanja, inki yofufuma, ndipo sanalembe m'mamita. Ali m'mafiti ndi mainchi, fiti imodzi ndi mamita 0.3048, ndipo a migodi ya ku Scotland ambiri ali m'ma fathom, fathom imodzi ndi mafiti 6, pafupifupi mamita 1.83. Ukaona mizati itatu ya manambala, fms, ft, ins, dziwa kuti ndi zimenezo, usaone 40 nkumati mamita 40 pomwe ndi mamita opitirira 70. Kuzungulira Blantyre mukafufuza mabowo akuyawo muziona mawu oti coal akubwera kangapo pa pepala limodzi, gawo la malasha, mwala, gawo linanso. Mukamawerenga zimenezo muzikumbukira kuti pansi pa High Blantyre pamenepo, pa 22 October 1877, mpweya wa mumgodi unaphulika nkupha anthu 207, ngozi ya mumgodi yoopsa kuposa zonse m'mbiri ya Scotland, patangotha chaka chimodzi mishoni ya Blantyre wathu itakhazikitsidwa.

Langizo langa pa mabowowa ndi loti musakhulupirire limodzi. Tsegulani atatu kapena anayi ozungulira malo anu mbali zosiyanasiyana. Akamagwirizana, mwachitsanzo onse akuti dongo mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, mukhoza kuyamba kukhulupirira kuti pakati pawo ndi chimodzimodzi. Akamasiyana kwambiri, lina thanthwe pa mamita awiri lina pa mamita 20, ndiye kuti pansipo pali chigwa chokwiririka kapena chinachake, ndipo palibe anganene za pa puloti yanu osabowola. Onaninso chaka. Bowo la mu 1960 silidziwa kuti mu 1985 anadzathirapo dothi lokwana mamita atatu pomanga malo oimika magalimoto.

Muli mu GeoIndex momwemo onjezerani maleya ena awiri atatu. Artificial ground ikuonetsani malo odziwika omwe anthu anakumba, anakwirira kapena anaunjika zinthu, monga makwale akale odzazidwa. Mass movement ndi malo omwe nthaka inagumukapo. Linear features nde mizere, ina ndi ming'alu ya m'thanthwe yomwe amati fault, ina ndi pomwe gawo la malasha limatulukira. Mawu oti fault asakuthamangitseni mtima, ambiri mwa ming'alu ya kuno inasiya kuyenda kalekale, si ngati ya ku Karonga yomwe inagwedeza anthu mu 2009, koma imathandiza kumvetsa chifukwa chomwe mwala wa tsidya lino la msewu ukusiyana ndi wa tsidya linalo. Osayatsa maleya ambiri nthawi imodzi, mapu amalemera ndipo simuona chilichonse, awiri kapena atatu akwana, ndipo mukhoza kusintha kuti iti ikhale pamwamba.

Za migodi yeniyeniyo, kuti dzenje lolowera linali pati, kuti malo ati ndi okayikitsa pomanga, musadalire BGS yokha. Pali mapu ena a Mining Remediation Authority, bungwe lomwe mpaka 2024 linkatchedwa Coal Authority, nawonso kuona ndi ulele. Amene mukugula nyumba ku madera a malasha, kaya kuzungulira Glasgow, Newcastle, Yorkshire, Nottingham, Stoke kapena kummwera kwa Wales, loya wanu ayenera kuitanitsa lipoti la migodi, nde kuyang'ana mapuwa musanapite kukaona nyumba kumakuthandizani kuti musadzidzimuke lipotilo likabwera, komanso kuti mudziwe chofunsa. Nkhani ya mpweya wa radon, womwe umavuta kwambiri kumadera a granite ngati Cornwall, ilinso ndi mapu akeake pa UKradon.

Amene muli ku London ndi madera ozungulira mwina mukuti zonsezi za malasha sizikutikhudza. Zoona, koma inu muli ndi yanu. Bwererani ku Geology Viewer mulembe postcode yanu, ambiri mupeza London Clay Formation, dongo lomwe linagona pansi pa nyanja zaka za pakati pa 56 ndi 48 miliyoni zapitazo. Chodabwitsa nchoti lili pa leya ya Bedrock ngakhale kuti ndi dongo loti mukhoza kulidula ndi fosholo, nde musamaganize kuti Bedrock nthawi zonse ndi mwala wogogoda nkulira. Dongo limeneli khalidwe lake ndi la makande a ku Chikwawa ndendende, mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawomba limanyala nkung'aluka, ndipo nyumba yomwe yakhalapo imakwera ndi kutsika nalo limodzi. Pakakhala mtengo waukulu pafupi woyamwa madzi nde zimanyanya. Ming'alu ya m'makoma yomwe a inshuwalansi amaitchula kuti subsidence, yambiri kummwera chakummawa kwa England gwero lake ndi limeneli, makamaka pambuyo pa chilimwe chotentha ngati cha 2018 ndi 2022. Nde mukaona London Clay, yatsani Superficial muone ngati pamwamba pake pali timiyala ta mtsinje wa Thames, amalemba kuti gravel kapena river terrace deposits, chifukwa nyumba yokhala pa timiyala tokhuthala bwino nkhani yake ndi ina. Kenako kaoneni mabowo mu GeoIndex kuti timiyalato ndi tokhuthala bwanji. Mukatsegula bowo lakuya ndithu mupeza kuti pansi pa dongolo pali Chalk, mwala woyera womwewo wa ku Dover, ndipo ndi momwe muli madzi a pansi pa London.

Posunga zomwe mwapeza, njira yachangu ndi sikirinishoti, koma jambulani kabokosi ka dzina la mwala kali kotsegula ndipo legend ikuoneka, chifukwa mukadzaona chithunzicho patapita mwezi mitundu yokha siidzakuuzani kanthu. GeoIndex ili ndi posindikizira mapu, ndipo masikani a mabowo mukhoza kuwasunga pa kompyuta. Ophunzira amene mumagwiritsa ntchito QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, BGS imapereka linki ya WMS yomwe mumaimata mu QGIS nkumaona mapu a 1:50,000 pansi pa ntchito yanu, koma kumeneko ndi kuona chabe, simungasinthe mizere. Omwe mungadawunilode mwaulele nkumasewera nawo mmene mukufunira ndi a 1:625,000, a dziko lonse koma osalowa mwakuya. Onetsetsani kuti polojekiti yanu ili pa British National Grid, dongosolo lolozera malo pa mapu a kuno, nambala yake mu QGIS ndi EPSG 27700, apo bii zinthu sizikhalirana bwino. Ndipo ngati mumakonda mapu a pepala, pa BGS Maps Portal pali masikani a mapu osindikizidwa, ubwino wa amenewo ndi woti m'munsi mwake amajambulamo dziko ngati alidula ndi mpeni, nkumaona magawo a miyala mmene apendekera, chinthu chomwe pa foni simuchiona.

Ndikudziwa wina afunsa kuti nanga za kumudzi, ndikufuna kukumbitsa mjigo ku Dowa kapena ku Mzimba, ndilembe pamenepa? Ayi, Geology Viewer siidutsa nyanja. Chomwe BGS ili nacho chokhudza kwathu ndi Africa Groundwater Atlas, sakani dzina limeneli pamodzi ndi mawu oti Malawi kapena Zambia, mupeza tsamba lofotokoza miyala ya dziko lonse ndi mmene imasungira madzi, kuti gawo lalikulu la Malawi ndi miyala yakalekale ya basement yomwe madzi ake amakhala m'gawo lofumbutuka la pamwamba ndi m'ming'alu, pomwe kunyanja ndi ku Lower Shire ndi mchenga ndi matope obwera ndi madzi. Ubale wake ndi wakale, Frank Dixey amene anali mkulu wa za miyala ku Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939 anadzakhala mkulu wa Colonial Geological Surveys, nthambi yomwe pambuyo pake inalowa m'bungwe lomwe lero ndi BGS. Koma mapu a mu atlas imeneyo ndi a 1:5,000,000, milimita imodzi ndi makilomita asanu, nde ndi ongokupatsani chithunzithunzi cha dera, osati oti muloze chala nkuuza obowola kuti imikani galimoto apa. Mapu olowa mwakuya a kwathu, kuphatikizapo zomwe ndege ya kauniuni yofufuza miyala ya pansi inapeza zomwe zinatulutsidwa mu 2015, mwini wake ndi Geological Survey Department ku Zomba, ndipo za pomwe mjigo ungagwire madzi yambani mwafunsa ku ofesi ya za madzi ya pa boma lanu kuti mijigo yoyandikana nanu anaibowola mamita angati, madzi anawapeza pati, ndipo ingati inauma. Ndi ntchito yomweyi tapanga ndi timadontho ta mu GeoIndex, kungoti kumeneko muyenda wapansi ndi kope m'manja.